Phunziro 18: Linga Lomangidwa ndi Eni Ake

Kuwerenga: Nehemiya 2:11-18 ndi Nehemiya 3:1-32
Vesi loloweza pamtima: Nehemiya 4:6

Mphunzitsi, mukatsegula Buku Lopatulika pa mutu 3 wa Nehemiya mwina mtima wanu ugwa, pakuti mupezamo maina okhaokha, ambiri a iwo opinda lilime, ndipo mudzafuna kuulumpha. Musaulumphe iai. Uwerengeni mokweza kawiri kunyumba kwanu Loweruka madzulo kuti lilime lizolowere, ndipo muli kuwerenga muzidzifunsa kuti, kodi Mzimu Woyera anasungiranji maina a anthu wamba awa kufikira lero? Mafumu ambiri a masiku amenewo anaiwalika, koma munthu amene anakonza kachigawo ka linga pakhomo pake akali kutchulidwa m'mipingo ya dziko lonse.

Muyambe ndi kuwakumbutsa ana mbiri mwachidule. Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anagumula linga la Yerusalemu ndi kutentha Kachisi m'chaka cha 586 Kristu asanabadwe. Koresi mfumu ya Perisiya analola Ayuda kubwerera kwao m'chaka cha 538, ndipo Kachisi anamangidwanso. Koma pofika chaka cha 445 linga linali chigwere, zipata zili zopserera. Taganizani: ana anabadwa, nakula, nakalamba akulumpha miyala yomweyo. Munthu amazolowera bwinja. Ifenso timazolowera mlatho wothyoka, ndi kuphunzira pamene tiyenera kuponda kuti tisagwe, mpaka tiiwala kuti mlathowo ungathe kukonzedwa.

Nehemiya anali woperekera chikho wa mfumu Aritasasta ku Susani. Atamva za Yerusalemu kwa mbale wake Hanani analira, nasala kudya, napemphera, ndipo panapita miyezi ngati 4 asanalankhule ndi mfumu. Mfumu inampatsa akalata a ulendo, chilolezo chotenga mitengo m'nkhalango ya mfumu, ndiponso akazembe a nkhondo ndi apakavalo omperekeza. Tsono apa ndi pamene muyenera kuwaimitsa ana kuti aone bwino. Munthu wofika ndi kalata ya mfumu ndi asilikali akadatha kuliza lipenga m'mawa mwake ndi kulamula kuti mwamuna ali yense abwere ndi dengu. Nehemiya sanatero. Anakhala chete masiku 3. Kenaka anatuluka usiku ndi amuna owerengeka kukaona yekha malinga, nafika pena pamene nyama imene anakwera inasowa popita chifukwa cha zogumuka. Ataona ndi maso ake, ndi pamene anaitana ansembe, akulu ndi anthu ena onse. Polankhula nao sanadzipatule ngati mlendo wodzathandiza amphawi. Tsoka la mudziwo analiyesa lake lomwe, manyaziwo anawayesa akenso. Anawafotokozera mmene Mulungu anamtsogolera, ndipo mau akuti ntchito iyambike anatuluka m'kamwa mwa anthu eni ake.

Kuti ana amvetse kulemera kwa chinthu ichi, afananizireni ndi Solomo. Solomo anamanga Kachisi wokongola koposa m'zaka 7, koma anatola amuna 30,000 mwa Aisrayeli mokakamiza, nawatumiza ku Lebano 10,000 mwezi uli wonse, mwezi umodzi kumeneko, miyezi iwiri kwao (1 Mafumu 5:13-14). Nyumba inaima, koma mitima inawawa. Solomo atamwalira anthu anadza kwa mwana wake Rehabiamu ku Sekemu kudzapempha kuti goli lipepuke. Iye anakana uphungu wa okalamba, ndipo pamene anatuma Adoramu, kapitao wa ntchito yokakamizayo, anthu anamponya miyala nafa, ufumu nugawika pawiri (1 Mafumu 12). Ntchito inali yopatulika, koma njira yake inang'amba mtundu.

Ife a kuno sitisowa wotiuza za zimenezi. Makolo athu anali ndi dima. Munthu akaona kuti munda wamkulira amafulula thobwa kapena mowa, anansi nabwera ndi makasu ao, tsiku limodzi munda watha. Mawa apita kwa wina. Denga la nkhokwe ankalisenza pamodzi, ndipo mpake kuti anati mutu umodzi susenza denga. Liu lakuti thangata nalonso poyamba linali labwino, lochokera ku kuthangata, ndiko kuthandiza. Koma pa minda yaikulu ya Azungu ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba liulo linasanduka ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene anakhalapo, nthawi ya dzinja, munda wake uli kumera tchire. Thangata ndi chimodzi cha zinthu zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915, ndipo sanathetsedwe mwa lamulo mpaka 1962. Khasu lake ndi lomwelo, thukuta lake ndi lomwelo, koma dima ndi thangata nzosiyana ngati usana ndi usiku. Kusiyana kwake kuli pa funso ili: anaganiza ndani kuti ntchito ichitike, ndipo phindu lake adya ndani?

Achikulire akukumbukanso Sabata ya Achinyamata ya m'masiku a Dr. Banda. Milatho, misewu ndi zipinda zophunziriramo zambiri zinamangidwa pa masabata amenewo, ndipo zina zikali kutithandiza. Koma tinene zoona, ena ankapita chifukwa cha mantha. Ndiye ulamuliro utasintha mu 1994 anthu ambiri anataya zonse pamodzi, nayamba kutcha ntchito ili yonse yodzithandiza thangata, nafunsa kuti alipira ndani. Kumeneko kunali kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Choipa chinali kukakamiza, osati kugwirira pamodzi.

Tsopano bwererani ku mutu 3, ndipo apa musafulumire. Linga linagawidwa m'zigawo pafupifupi 40. Woyamba kutchulidwa ndi Eliyasibu mkulu wa ansembe, amene pamodzi ndi ansembe anzake anamanga Chipata cha Nkhosa. Abusa ndi akulu a mpingo, imvani: iwo sanaime pamthunzi ndi kudalitsa ntchito ya ena, anagwira miyala. Kenaka mupeza Uziyeli wosula golidi, Hananiya wopanga zonunkhira, ndi amalonda. Anthu a manja ofewa amenewa. M'mutu wonsewo simupeza munthu mmodzi wotchedwa mmisiri wa zomanga. Mupezanso Salumu, mkulu wa theka la dera la Yerusalemu, akugwira ntchito pamodzi ndi ana ake aakazi (ndime 12). Asungwana a m'kalasi mwanu awerenge okha ndime imeneyi. Ndipo Malikiya mwana wa Rekabu, amene anali mkulu wa dera lake, anakonza Chipata cha Kudzala, potulukira zinyalala za mudzi. Pogawana ntchito ali yense amafuna khomo la tchalichi, la chimbudzi amati lipite kwa wina. Munthu wolemekezeka uyu anatenga la kudzala.

Chinthu chimene chibwerezedwa kawirikawiri ndi ichi, kuti ambiri anapatsidwa chigawo choyang'anana ndi nyumba zao. Anatero Yedaya (ndime 10), Benjamini, Hasubu ndi Azariya (ndime 23), ansembe a pafupi ndi Chipata cha Akavalo (ndime 28), ndi Zadoki (ndime 29). Mesulamu mwana wa Berekiya anakonza poyang'anana ndi chipinda chake (ndime 30), ndipo anali atakonza kale pena (ndime 4). Nzeru yake nayi. Munthu amene adziwa kuti mkazi wake ndi ana ake adzagona kuseri kwa khoma limene akumangalo sangabe dothi, sangaike mwala wogwedera. Safuna kapitao womuyang'anira, pakuti mdani akadza adzayambira pa iye. Ndiponso ndiye amene adziwa pamene madzi a mvula amadutsa ndi pamene nthaka ili yofewa, zinthu zimene mlendo wochokera ku Susani sakadazidziwa ngakhale anayendera usiku wonse.

Koma musawaphunzitse ana kuti munthu asamale pakhomo pake pokha basi. Anabwera anthu a ku Yeriko, a ku Gibeoni, a ku Mizipa, amene nyumba zao sizikadatetezedwa ndi lingalo. Hanuni ndi anthu a ku Zanowa anakonza Chipata cha Kuchigwa ndi mikono 1,000 ya linga. Ndipo pali Atekowa, a kwao kwa mneneri Amosi. Akuluakulu ao anakana kuweramira ntchitoyo (ndime 5), ndipo kukana kwaoko kunalembedwa, tikuwerenga mpaka lero. Nanga anthu wamba a ku Tekowa anatani? Sanati, poti atsogoleri athu akhala pansi nafenso tikhale. Anatsiriza chigawo chao, natenganso chachiwiri (ndime 27). Chinthu chinanso: Nehemiya mwini bukuli sadzitchula pa mndandanda wonsewo. Nehemiya wa pa ndime 16 ndi wina, mwana wa Azibuki.

Ndikuuzeni kulakwa kwanga, kuti inu musakubwereze. Ndili mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kumudzi, ndinaona kuti ana a Sitandade 1 ndi 2 akuphunzirira pansi pa mtengo wa mkuyu, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti tifunika zipinda ziwiri. Ndinajambula pulani usiku pa nyali, ndinawerengera njerwa, ndinapita kwa a mfumu, ndipo Lachisanu lake anthu anauzidwa kuti mudzi uli wonse uumbe njerwa zake, wojomba alipe nkhuku. Anabwera ndithu, koma ankafika dzuwa litakwera, zikombole zinkasowa, dothi ankaliponda mwa ulesi. Njerwa zinaumbidwa, koma za nkhuni zootchera uvuni ali yense ankaloza mnzake. Mvula yoyamba inazipeza zili pa bwalo zosaotcha, ndipo zinabwerera kudothi kumene zinachokera. Ine ndinakwiya, ndipo pa msonkhano wa makolo ndinalankhula mau olasa akuti anthu a kuno sakonda maphunziro a ana ao.

Pamenepo anaimirira mai wina wokalamba wa Chigwirizano, amene sankadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Anati, "Aphunzitsi, pepani ndilankhuleko. Inu munatiuza, koma simunatifunse. Ana athu a kutsidya sabwera kusukulu mwezi wa January ndi February chifukwa mtsinje umadzaza, ndipo chaka chatha tinatsala pang'ono kuika maliro a mwana. Zipinda zanuzo adzaphunziramo ndani, ana ali kutsidya?" Ndinasowa poyang'ana. Ndinali nditakhala pa sukulupo zaka 3, kaundula ndinkamuitana ndekha, mipata ya ana ojomba ndinkaiona, koma ndinkaiyesa ulesi wa makolo.

Chilimwe chotsatira anthu anamanga mlatho. Malo anasankha okha, osati pamene ine ndikadaloza, koma kumtunda pang'ono pamene pali thanthwe. Amai anatuta miyala ndi mchenga, abambo anadula milimo, mnyamata wina amene anagwirapo ntchito ya zomanga ku tauni anatsogolera, ndipo ndalama za simenti anasonkha atagulitsa mtedza. Panalibe za nkhuku ya chindapusa. Ine ntchito yanga inali kulemba maina ndi kusunga malisiti. Zipinda zija zinamangidwa patapita zaka 2, ndipo amene anayambitsa nkhani yake anali anthu omwe aja ndinawanena kuti sakonda sukulu.

Zotere zaoneka m'dziko muno pa ntchito zazikulu kuposa kamlatho kathu. Mu 1968 anthu a ku Chingale m'boma la Zomba anayamba kukumba okha ngalande zoikamo mapaipi otenga madzi kuphiri kufika nao m'midzi popanda injini. Boma linapereka mapaipi ndi aluso, anthu anapereka manja ao ndi kusankha makomiti ao, ndipo njira imeneyi inafalikira ku Mulanje ndi kumaboma ena. Onani kuti thandizo lochokera kunja silinakanidwe, monganso Nehemiya sanakane mitengo ya m'nkhalango ya mfumu. Mitengo inali ya mfumu, koma linga linali la anthu. Chovuta chimadza pamene wopereka mitengo afuna kukhalanso mwini linga, kapena pamene eni mudzi apinda manja kudikira kuti wopereka mitengo adzamangenso.

Taonani mijigo ya m'midzi mwathu. Mjigo wa mtundu wa Afridev anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuumasula ndi sipanala ndi kusintha timphira takutha popanda kuitana munthu wa kuboma. Komabe mudzapeza mjigo wafa miyezi 6 chifukwa cha kamphira kotsika mtengo, amai abwerera kudambo kukatunga madzi pamene ng'ombe zimamwa. Mukafunsa, ayankha kuti, "Eni ake sanabwere kudzakonza." Eni ake ndani? Amene anakumba anapita kalekale. Ndipo musayese kuti ndi nkhani yaing'ono. Kolera imene inabuka mu 2022 ndi kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo matenda amenewa amayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Kwa ife linga logumuka ndi mjigo wakufa, chitsime chosaphimba, ndi ngalande ya m'tauni yodzala mapepala apulasitiki imene ali yense amatayamo usiku ndi kuitukwana usana. Mdani wathu sabwera ndi mikondo ngati Sanibalati ndi Tobiya, koma amalowera pogumuka pomwepo.

Inu a m'tauni mwina mudzati, ife ndife a lendi, malo ano si athu. Zoona, nyumbayo si yanu, koma mwana amene adzatsegula m'mimba ndi wanu. Yeremiya analembera Ayuda amene anali akapolo ku Babulo kuti afunire zabwino mudzi umene anakhalamo ndi kuupempherera, pakuti mtendere wao unali womangika ku mtendere wa mudziwo (Yeremiya 29:7). Ngati wogwidwa ukapolo anauzidwa zotero, nanga wa lendi?

Pali ngozi imodzi imene simuyenera kuibisa, makamaka ngati muphunzitsa kalasi ya anyamata ndi asungwana okulirapo. Ntchito ikhoza kutchedwa ya anthu onse pamene osauka ndiwo asenza ndipo olemera ndiwo adya. Zinachitika ngakhale kwa Nehemiya. Pa mutu 5, linga lili pakati, kunabuka kulira kwakukulu kwa anthu ndi akazi ao. Kunali njala, ena anapinyolitsa minda ndi nyumba kuti apeze tirigu, ena anakongola ndalama za msonkho wa mfumu, ndipo ana ao ena anali atatengedwa kale ukapolo ndi Ayuda anzao. Nehemiya sanati tiyambe tamaliza linga, zimenezo tidzaziona. Anaitanitsa msonkhano waukulu, nadzudzula akuluakulu pamaso pa onse, ndipo iwo analumbira kubweza minda ndi kuleka katapira. Iye mwini, pa zaka 12 zimene anali kazembe, sanatenge chakudya chimene kazembe anayenera kulandira kwa anthu, ngakhale pa gome lake pankadya anthu 150.

Chotero pamene musankha komiti ya chitukuko, kaya ya pamudzi, kaya ya sukulu, kaya ya pa mlaga wanu, muzifunsa zinthu zimene anthu amachita nazo manyazi. Matumba a simenti anabwera angati, ndipo agona kwa yani? Ndalama zosonkha ziwerengedwa pa gulu liti? Kodi mai wamasiye amene alibe wompalira munda tamuikira masiku ofanana ndi munthu amene ali ndi aganyu asanu? Kodi pa msonkhano amai ndi achinyamata analankhula, kapena anangoombera m'manja? Kufunsa zotere si mwano. Mpingo woyamba utadandaula za amasiye osalidwa pa chakudya, atumwi sanaloze okha anthu. Anauza gulu lonse kuti lisankhe amuna 7 a mbiri yabwino, iwo nangowaika manja (Machitidwe 6:1-6). Ndi chifukwa chake ifenso mu mpingo wathu akulu ndi atumiki amasankhidwa ndi Akristu eni ake. Chinthu chimene timachita m'tchalichi tisachiiwale tikafika pa bwalo la a mfumu.

Linga linatha m'masiku 52, ndipo adani ozungulira anazindikira kuti Mulungu ndiye anathandiza (Nehemiya 6:15-16). Muwachenjeze ana kuti asayese kuti kuumba njerwa kapena kulambula mseu kumagula chipulumutso. Tipulumutsidwa mwa chisomo chokha, mwa kukhulupirira Yesu Kristu. Koma Ambuye amene anatipulumutsayo sanatipulumutse ali patali. Anadza nakhala pakati pathu, anagwira ntchito ya ukalipentala ku Nazarete, anamanga chopukutira m'chuuno nasambitsa mapazi a ophunzira ake. Ndipo atakomana ndi Bartimeyu wakhungu pa njira ya ku Yeriko, ngakhale ali yense ankaona vuto lake, Ambuye anayamba amfunsa chimene iye mwini anafuna (Marko 10:46-52). Ngati Mwana wa Mulungu, wodziwa zonse, anafunsa wopemphapempha, ine mphunzitsi wa pulaimale ndinali yani kuti ndisafunse mai uja?

Pofunsa mafunso musalole kuti ayankhe ana awiri okha ochenjera aja. Afunseni kuti Nehemiya anachita chiyani asanaitane anthu, ndipo chifukwa ninji ambiri anapatsidwa chigawo cha pakhomo pao. Afunseni chimene akadachita iwo akadakhala Atekowa, atsogoleri ao atakana ntchito. Akuluakulupo afotokoze m'mau ao kusiyana kwa dima ndi thangata.

Musanatseke ndi pemphero, mupatse mwana ali yense ntchito iyi ya mkati mwa sabata. Apite kwa anthu atatu a pafupi ndi kwao, mmodzi akhale wokalamba, mmodzi akhale mai amene amatunga madzi, wachitatu asankhe yekha, ndipo awafunse mwaulemu kuti, "Kodi chogumuka chimene chimakuvutani kwambiri pamudzi pano nchiyani?" Asawauze yankho, angomvetsera ndi kusunga. Sabata ya mawa mulembe mayankho onse pa bolodi, ndipo inu mphunzitsi musafufutepo ngakhale limodzi, ngakhale lija mukuliona ngati lachabe. Mukatero muwakopere pa pepala ndi kupita nalo kwa mkulu wa mpingo wa pa mlaga wanu, mutatenga ana awiri, mnyamata ndi msungwana, kuti akawerenge okha.